Buluku la Mamita Asanu la Hajja Batoul

Hajja Batoul Hamad el-Nil anabadwa pa 9 Malichi 1954 ku Omdurman, ndipo anayamba kusoka zovala za akazi mu 1971. Anapita ku Maka pa ulendo wachipembedzo mu 1998. Kuchokera pamenepo sanamvekenso akunena bodza, ngakhale kwa mkazi wofunsa ngati diresi likumukhala.

Lamulo la 1991 linkalola kukwapula zikoti makumi anayi munthu wovala mosayenera, koma silinatchule chovala chilichonse. Apolisi ambiri anamva kuti likunena buluku. Tahani, mwana wotsiriza wa Hajja, ankagwira ntchito yoyeza malo, yokwera ndi kutsika malole tsiku lonse. Mayi ake anamusokera buluku la nsalu mamita asanu, lopindapinda, loti munthu akaima linkaoneka ngati siketi.

Lachiwiri pa 14 Julayi 2009, Tahani analumpha ngalande pamaso pa sajeni wina, ndipo anamangidwa. M'mawa mwake anaimitsidwa m'khoti ndi zovala zomwezo, monga mwa mwambo. Woweruza anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Sajeni, bulukulo lili kuti?"

"Lili momwemo, Mawlana. Limatuluka akalumpha."

Woweruza anaitana amene anasoka chovalacho. Hajja ataika dzanja pa Korani, Tahani anawanong'oneza kuti, "Amayi, lero lokha, nenani kuti ndi siketi."

"Hajja, munasoka chiyani?" anafunsa woweruza.

"Buluku, Mawlana. Miyendo iwiri, yonse yofanana."

"Zikomo kwambiri, amayi," anatero Tahani. "Mudzandipake mafuta kumsana."

Woweruza anafotokoza kuti mlandu sunali pa dzina la chovala koma pa zimene maso a anthu anaona, choncho khoti linafunika kuona zimene sajeni anaona.

"Ndiye alumphe," anatero sajeni.

"Alumphe ndithu, mwana wanga amamvera," anatero Hajja. "Koma iwe kalaliki, yamba walemba dzina la amene akulamula kuti namwali atambasule miyendo pamaso pa amuna khumi ndi awiri. Abambo ake adzandifunsa, ndipo ine ndidzawauza."

Kalaliki ananyamula cholembera n'kuyang'ana woweruza. Woweruza anayang'ana sajeni.

"Sajeni, lamula ndiwe."

"Ine ndimangogwira, Mawlana. Zolamula ndi zanu."

"Wapolisi wamkazi alipo?"

"Ali kumaliro, ku Shendi."

Nthawi ya 11:40 woweruza anagamula kuti wozengedwayo, monga momwe anaimira pamaso pa khoti, anavala moyenera. Anamuchenjeza kuti aziyenda pang'onopang'ono.

Hajja anasokabe mpaka maso atafooka mu 2014, ndipo anamwalira pa 2 Novembala 2016. Tahani sanakwapulidwe chikoti ndi chimodzi chomwe. Komabe, atachoka kukhoti kuja, anakhala masiku khumi ndi limodzi akukadya kwa azakhali ake, osalankhula ndi mayi ake.