Mzere wa Pamkono pa Mayi Otsina

Pachipatala ankawatchula kuti Mayi Otsina, ngakhale sanatsinepo munthu. Otsina anali makina awo: kachubu konga cholembera kamene ankakagunditsa pakhungu la wodwala, iko n'kuyamwa khungulo pang'ono, n'kulitaya. Pakompyuta pankatuluka mzere. Khungu likakhala lofewa, mzere unkakwera n'kutsika msanga. Likakhala la zipsera za moto, kapena la matenda aja oumitsa thupi, mzere unkangokwawa pansi.

Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, imvi n'kuwapeza m'kachipinda komweko, kopanda zenera, konunkha sipiriti. Amuna awo ankawaseka kuti, "Anzanu akubaya jakisoni, inu mukungopsompsona anthu ndi paipi." Iwo sankaseka nawo. Anali mayi wosachedwa kupsa mtima, ndipo za ntchito yawo sankafuna chibwana.

M'mawa uliwonse, asanaitane wodwala, ankayamba ayesa makinawo pamkono pawo, pamwamba pa wotchi. Mzere ukatuluka monga dzulo, basi, makina ali bwino.

Chaka china mzerewo unayamba kutsika. Anapukuta kachubu, anasintha paipi, kompyuta anaitukwana. Zala zinkawauma m'mawa, mphete inakana kuvuka, koma zimenezo ankati ndi ukalamba ndi madzi ozizira. Paja chala sichiloza mwini. Mpaka anakakalipa kwa mabwana kuti atopa kugwira ntchito ndi zinthu zakutha.

Mabwanawo anatumiza wokonza makina, bambo wachikulire amene mayiwo ankadziwana naye kalekale. Anamasula, anapemerera, anamanganso. Kenako anapinda malaya n'kuika kachubu pamkono pake. Mzere unakwera bwinobwino n'kutsika.

"Mayi, apa palibe chavuta," anatero bamboyo. "Tayesaninso inuyo."

Anayesa. Mzere unakwawa. Anayesa mkono winawo, chimodzimodzi.

Bamboyo anakanda m'mutu. "Kapenatu ndi mafuta mwadzolawo?"

"Ine sindidzola ndisanayese," anayankha Mayi Otsina. "Longedzani zitsulo zanu, bambo. Ntchito mwagwira."

Mzere umenewo ankaudziwa. Anali atauona pa anthu ambiri, ndipo ankadziwanso mmene anthuwo ankabwerera: chaka chino akumanga okha mabatani, chaka chamawa wowamangira ndi mwana, zala zitapindika, pakamwa patachepa. Mantha anawagwira. Chowawa kwambiri chinali chakuti panalibe dokotala amene akanawanamiza n'kuwagonetsa tulo.

Kunja odwala anali atayamba kudandaula kuti akuchedwa. Mayiwo anatsitsa mkono wa malaya kuti atsegule chitseko, koma batani la pamkono linawapulumuka. Anayesanso, linapulumukanso. Bambo uja anaika chikwama chake pansi n'kutambasula dzanja kuti awathandize.

"Ayi, bambo," anatero Mayi Otsina, maso ali pa batanilo. "Ndisiyeni. Lero ndimanga ndekha."