Kansomba ka mizere ku Evington

Ndinayamba kudandaula kusitolo ina yogulitsa nsomba zoweta Lolemba loyamba la Lenti, mu 2018. Kalata yachiwiri ndinatumiza Pasaka atapita. Makope ake ndili nawo, lisiti ndi tikiti ya basi zomwe.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba ku Evington, kudziko la azungu. M'chipinda china munali mkulu wachizungu amene anali ataiwala ngakhale mayina a ana ake, koma osati kansomba kake ka m'thanki yagalasi ya madzi amchere. Kanali kotalika ngati chala, maso otong'oka ngati a chule, thupi la mizere yabuluu ndi yofiirira, yokhotakhota ngati ya pachitenje. Sikankasambira kwenikweni, kankangodumphadumpha pamiyala n'kumajompha. Mkuluyo akakaona kakudya, nayenso ankalola kuti ndimudyetse.

Katafa, amanijala anandiitana. "Inu a ku Malawi nsomba mumazidziwa, si zakwanu zadzaza m'masitolomu? Kapezeni kena asanazindikire." Ine kwathu ndi kumapiri a Dedza, nsomba ndinazidziwira pamsika zitauma kale, ndiponso nyanja yathu si yamchere. Pomwe ndimati ndifotokoze, anali atatuluka.

Ndinanyamula chithunzi cha kansombako kupita nacho kusitolo. Wogulitsa anangochiponyera diso. "Dragoneti ameneyu, tili naye." Ndinafunsa kawiri ngati ndi mtundu womwewo, iye n'kuvomera. M'pulasitiki, kansomba kamene anandipatsa kankaoneka kotuwa. "Ndi mantha chabe," anatero, "maonekedwe ake abwerera."

Anabwereradi, koma anali madontho ozungulira pathupi lobiriwira. Mkuluyo anasendeza nkhope pagalasi, kenako anatembenukira ine.

"Uyu ndani?"

"Ndi kanu kaja, bambo."

"Wanga ndi wamizere. Iwenso wayamba kundinamiza?"

Nesi wina wa ku Zambia amene ankayala bedi anandiseka chogwira pakamwa. "Amdala, nsomba yakukanani!" Ine ndinangoti chilili, supuni ili m'manja, munthu waimvi ngati ine. Kuyambira tsikulo mkuluyo ankatseka pakamwa akandiona, mpaka anamupatsa womudyetsa wina. Pakhomo pake ndinkadutsa nditazolika, ndipo ana ake akabwera ndinkapeza chochita kukhitchini.

Kansomba kena sindikukafuna. Ndikupempha eni sitoloyo mwaulemu kuti andiyankhe polemba, atchule dzina lenileni la kansomba kamene anandipatsa, ndipo avomere kuti ndinafunsa kawiri, kuti ndikhale ndi choonetsa ana a mkuluyo.