Kathengo ka Anti Ziwala

Pasukulu ya mkaka pomwe ndimakolopa panali aphunzitsi ena amene ana anawapatsa dzina loti Anti Ziwala. Anali mayi wamfupi, wa nsapato zakutha kuzidendene, ndipo siketi yawo sinkasowa chisoso m'mphepete.

Lachisanu lililonse ankatenga ana awo n'kupita nawo kuseri kwa zimbudzi, kumene kunatsala kathengo kosalimidwa. Ine tsikulo ndinkadana nalo, ndisaname, chifukwa matope onse ankathera pa simenti yanga. Koma lamulo lawo ndinkalimva ndili pawindo: "Timaona ndi maso. Mwala ukautembenuza, uubwezere momwe unaupezera, pansipo ndi pakhomo pa eni ake." Ana oti kwawo samva kuitana ankanjuta phee, kuonerera nyerere zikukoka phiko la chiwala.

Chaka chawo chomaliza asanapume pantchito, anapeza mbozi yonenepa pa kachitsamba. Ankaiyendera mpaka inadzitsekera m'kachikwa, ndipo anti analonjeza ana kuti mmenemo mutuluka gulugufe. Zaka zonsezo zimenezi ankangozinena pakamwa. Ulendo uno ankafuna kuti anawo aone okha, kenako iwo azikapuma.

Ndiye kunabwera mlonda watsopano, bambo wachikulire wosadziwa kukhala pansi. Atamva kuti ana amalowa m'thengomo, anawamvera chisoni. Loweruka ndi Lamlungu anatchetcha ponse, kuwotcha udzu, kusanja miyala bwinobwino m'mbali mwa mpanda, n'kusesa mpaka mbee.

Lolemba anadikirira anti pageti, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, ndakukonzerani malo anu aja. Tsopano ana sangalumidwe ndi kanthu."

Ine mtima unandiwira. Ndinkafuna kumulalatira, koma anti ananditsina pamkono. Anayang'ana matuza amene anali m'manja mwa bamboyo.

"Mwagwira ntchito, bambo. Zikomo."

Tsikulo anti sanadye kanthu, ndinaona ndekha.

Lachisanu anapitabe ndi ana, ine ndikuwatsatira ndi tsache langa ngati ndili ndi chochita. Kunali fumbi ndi phulusa basi. Kamtsikana kena kanawakoka siketi.

"Anti, gulugufe wathu wauluka kale?"

Ndinapemphera chamumtima kuti aname, kamodzi kokha. Mayi amene uja kunama sankakudziwa.

"Ayi, mwanangu. Anapsa asanatuluke."

Palibe analira. Kamtsikanako kanapita kumpanda, n'kunyamula mwala ndi manja awiri. Anzake anachita chimodzimodzi. Anayamba kuzungulira paphulusapo, aliyense ndi mwala wake pamimba, kufunafuna pomwe unali. Mlonda anaima chapatali, pakamwa pali yasa, ndipo ndinamumvera chisoni ngakhale ndinali nditamukwiyira.

"Anti, uwu unali pati?"

Anti Ziwala anayang'ana uku ndi uku, kenako anakhala pansi pafumbi pomwepo. Nawonso sankakumbukira.