Ndinathira Konkire pa Manda a Mwana Wanga

Ndine mmisiri womanga nyumba. Moyo wanga wonse ndakhala ndikudzitama kuti dzanja langali silimanga khoma lokhota, koma lero ndikuvomera pamaso panu kuti dzanja lomweli linathira konkire pa manda a mwana wanga. Palibe anandikakamiza. Malowo ndinagulitsa ndekha, pepala ndinasaina ndekha, ndipo tsiku lothira konkirelo ndinkaimba mluzu. Inu owerenga, makamaka amuna anzanga, ndimvereni mpaka kumapeto, mukanditukwane mutamva zonse.

Bambo anga anachokera ku Katete n'kudzapatsidwa malo ndi eni dziko kufupi ndi Chalimbana, m'boma la Chongwe. Malowo ankatsetserekera kumtsinje. Kumunsi kunali dimba, ndipo m'mphepete mwenimweni mwa madzi munali mtengo waukulu wa mkuyu. Mkazi wanga, amake Dalitso, ndinakamutenganso ku Katete komweko, ndipo tinkakhala pamalopo limodzi ndi amayi anga, bambo atamwalira kale.

Dalitso si mwana wathu woyamba. Mkazi wanga atatenga mimba yoyamba, ine ndinkagwira ntchito ku Lusaka, kumabwera kunyumba pakutha pa mwezi. Tsiku lina ndikufika, amayi anandichingamira panjira nandiuza mwachidule kuti zinthu zinalakwika, mwana anabadwa wakufa. Kwathu mwana wotere timati mtayo. Salira maliro, sakhoma bokosi, sapita naye kumanda kwa akuluakulu. Amayi achikulire okhaokha ndiwo amakamuika m'kadzenje kosaya, ndipo amamuuza mayi wake kuti asalire, asatchulenso nkhaniyo, kuopa kuti sadzaberekanso. Mwamuna sauzidwa malo, ndipo safunsa. Inenso sindinafunse. Ndinamugulira mkazi wanga shuga ndi sopo, n'kuganiza kuti udindo wanga wathera pomwepo. Patapita chaka Dalitso anabadwa, ine nkhani ija n'kuiwaliratu.

Mkazi wanga anali ndi chizolowezi chimene chinkandiseketsa. Akamaliza kuthirira repu ndi tomato kudimba, sankabwera msanga. Ankakhala pansi pa mkuyu uja yekhayekha, osachita kanthu. Mvula ikamayamba ankalambulapo udzu bwinobwino, pomwe sipankabzalidwa chilichonse. Ine ndinkamunyogodola kuti kodi mtengowo wasanduka tchalitchi, nanga m'busa wake ndani? Iye ankangomwetulira pang'ono n'kusenza ndowa yake. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinamuseka choncho, ndili ndi maso awiri oona bwino, otha kudziwa kuti njerwa yapendekeka ndili patali.

Kenako tauni inayamba kutiyandikira. Ku Silverest kumene kale kunali tchire kunadzaza nyumba, ndipo zina mwa izo ndinamanga ndine. Mmisiri amaona dziko mosiyana ndi mlimi. Pomwe mkazi wanga ankaona munda, ine ndinkaona mapuloti, ndipo ndikamayenda ndinkawerenga mapazi m'mutu. Anthu andalama a ku Lusaka atatopa ndi fumbi anayamba kufuna malo a m'mbali mwa madzi, oti amangepo malo ogona alendo ndi odyerapo nyama yowotcha Loweruka. Kumtunda kwathu mipanda inali itayamba kale kutsekereza mtsinje.

Nthawi imeneyi amayi anali atamwalira, malo ali m'manja mwanga. Bwana wina wa galimoto ya magalasi akuda anabwera katatu konse. Anati agule mbali ya kumunsi, ndipo ntchito yomanga adzapatsa ine. Zimenezi ndi zimene zinandimaliza. Ndinadziona ndili kapitawo, nditavala chipewa choyera, anzanga amene ankandilamula akundipempha ganyu.

Nditamuuza mkazi wanga, sanakane monga ndinkaopera. Anangoti: “Batate ba Dalitso, dimba gulitsani ngati mufuna. Koma pa mkuyu paja musiyeko. Napapata, nikupemphani.” Ndinamufunsa moseka ngati akudandaula mthunzi, n'kumulonjeza kuti ndimubzalira mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Anangobwereza kuti ndisiyepo. Ndinati chabwino, ndamva. Inu owerenga, taonani pamene ndinagwera. Mkazi wanga anali asanandipemphepo kanthu mogwada chikwatirane, koma tsiku limenelo anagwada, ine osadabwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi manja awiri.

Tsiku loyeza malo ndinayesako kunena kuti malire adutse kumtunda kwa mtengo. Bwana uja anaseka, nati chimene akufuna ndi madzi a mumtsinjemo. “Mudala, ine nigula manzi. Bantu balipila kuti bankale pafupi na manzi. Ngati pa mutengo paja palibe, ninshi sinigula.” Sindinalimbane naye ngakhale pang'ono. Woyeza malo anakhoma chikhomo chake kuseri kwa mkuyu, kalata ya kwa amfumu inatuluka, ine n'kusaina. Ndinadziuza kuti mkazi adzalira masiku awiri, akadzaona malata atsopano padenga adzaiwala.

Choipitsitsa ndi ichi. Podziwa tsiku limene katapila adzabwere, ndinamuuza mkazi wanga kuti apite ku Katete akaone amayi ake, akakhaleko milungu itatu apumule. Ndinamugulira ndi katundu woti akapereke. Anandithokoza kwambiri, nati ndine mwamuna woganizira. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu, ndipo minibasi itanyamuka ndinapuma mpweya wa munthu amene wachotsa chopinga.

Mkuyu unagwa tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu. Ndinali pomwepo, ndikulozera woyendetsa katapila pokumba. Pakati pa mizu panali timiyala toyera toyalidwa mozungulira, ndipo pansi pake panatuluka kansanza kowola, kooneka kuti kale kanali kabuluu. Ndinakaona ndithu. Ndinakakankha ndi nsapato, ndipo kanagwera mu dothi limene matipa ankanyamula. Sabata yotsatira tinathira konkire pamalopo, poti bwana ankafuna pakhale bwalo loikapo mipando moyang'ana madzi. Ndinasalaza ndekha, ndipo ndinanyadira kuti palibe pomwe madzi angadikhe.

Mkazi wanga anabwerako masana, ine ndili pantchito. Ataona mpanda wa malata sanalowe n'komwe m'nyumba, anatsetsereka ndi chikwama chake kumutu. Mlonda wa pageti anamuletsa, koma anamukankha n'kulowa. Anaima pa konkire paja akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wosochera m'mudzi mwake momwe. Kenako anagwada n'kuyamba kukanda konkireyo ndi zikhadabo, ndipo analira kulira kumene sindinakumvepo chibadwire. Anali maliro aja amene anamuletsa kulira ali mtsikana. Anyamata onse antchito anasiya mafosholo.

Nditamugwira paphewa anandiyang'ana nati: “Apa panali mwana wanu. Amayi anu na ine tinamufunga mu chitenge chija cha buluu munanigulira nili na mimba. Mwamupeleka kuti?”

Chitenje chimenecho ndinachikumbukira nthawi yomweyo, pakuti ndinachigula ndi malipiro anga oyamba, ndikunyadira kuti ndikhala bambo. Ndinakumbukiranso nsapato yanga.

Masiku otsatira ndinazungulira ngati wamisala kufunsa oyendetsa matipa kumene anakataya dothi lija. Wina anati anakakwirira maenje a mumsewu, wina anati anagulitsa kwa munthu wodzaza maziko ku Silverest, sakukumbukanso puloti yake. Wina anandiseka, nati kodi dothi lili ndi dzina? Ndinapita kwa bwana uja kukapempha kuti ndiswe kachigawo ka konkire, mwina pansi panatsalako kanthu. Anandimvetsera akuyang'ana foni, kenako anati pepani, koma papepala sipanalembedwe za manda, ndipo nkhani yotere ikamveka alendo adzaopa kubwera. Mawa lake anandiuza kuti wapeza kapitawo wina. Chipewa choyera chija ndinachivala milungu isanu yokha.

Ndili ndi mkwiyo ndi bwanayo, sindibisa. Ndili ndi mkwiyo ndi mwambo umene umatseka pakamwa mayi woferedwa, n'kumusiya alondere manda yekha ngati wakuba. Amayi ena a kumpingo atabwera kudzatiyanjanitsa anayamba ndi kumudzudzula mkazi wanga kuti waulula zosaulula pamaso pa amuna, ndipo ndinawatulutsa m'nyumba. Koma ndikawatukwana onsewa, mkwiyo umabwerera kwa mwini wake. Mwambo unaletsa iye kunena, koma sunandiuze ine kuti ndiname. Anandipempha chinthu chimodzi, ndinavomera, ndipo ndinamukweza minibasi kuti ndiphwanye lonjezo iye kulibe.

Mkazi wanga anakhala nane mwezi umodzi. Ankaphika, ankachapa, ankandiyankha mwaulemu, koma m'nyumbamo munali ngati mulibe munthu. Malata atsopano aja sanawayang'ane ngakhale kamodzi. M'mawa wina anamanga katundu wake, natenga mwana wathu wina wamng'ono wobadwa pambuyo pa Dalitso, Dalitso n'kutsala chifukwa cha sukulu. Ndinagwada pakhomo ndikulira, ndikunena kuti sindinkadziwa. Iye anati: “Nidziwa kuti simunadziwe. Zaka zonse izi simunanifunseko olo kamodzi ngati anali mwamuna kapena mkazi.” Pamenepo ndinafunsa. Anapukusa mutu, nati mwachedwa, n'kunyamuka.

Lero malo aja atsegulidwa. Loweruka magalimoto amadzaza, nyimbo zimamveka mpaka kunyumba kwanga, ndipo utsi wa nyama umabwera ndi mphepo. Tsiku lina ndinavala bwino n'kulipira pageti ngati mlendo, kuti ndikaime pamene panali mkuyu. Ndinapeza pali tebulo, anthu anayi akuseka. Ndinaima chapatali mpaka woperekera zakumwa anadzandifunsa ngati ndikudikira munthu.

Inu owerenga, sindikuti musagulitse malo, pakuti tauni ikubwera ndipo simungaitsekereze ndi manja. Koma musanasaine, yendani malowo ndi akazi anu, ndi alongo anu, ndi amayi achikulire amene atsala, phazi ndi phazi, osati ndi tepi yoyezera. Pali zinthu m'nthaka ya kwanu zimene woyeza malo sangazione ndipo mwamuna sanauzidwe. Mkazi akakuuzani kuti apa musakhudze, khalani pansi mufunse chifukwa chake, ndipo akakhala chete mudikire, mufunsenso mawa. Ngati munataya mwana ndi mnzanuyo, musabisale kuseri kwa mwambo monga ndinachitira ine, mufunseni akadali pafupi nanu. Ine ndamanga nyumba zambiri m'boma lino, koma sindidziwa kuti ndi iti mwa izo yakhala pa mwana wanga, ndipo ndikafuna kumupepesa m'pemphero sindidziwa ngati ndikupepesa mwana wamwamuna kapena wamkazi.