Mkamwini Woboola Nsungwi

Mukafunsa kuti anayambitsa zoimba zitoliro pamudzi pathu pano, kufupi ndi mishoni ya Kasina, ndi ndani, yankho ndi limodzi: alamu anga aGerevazio. Ine ndine Bernadetta. Iwowo anakwatira mkulu wanga Magadalena, ndipo tsiku loyamba kuwaona ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu wamtali, makutu otambalala, atavala chikhoti cha usilikali chofika m'mawondo dzuwa likuswa mtengo. Ndinati, "Magadalena, amenewa wawatola kuti?" Iye anangoti, "Uziona."

Kwawo kunali cha kwa Kaphuka. Kunkhondo ija ya azungu anapitako, koma ankanena okha kuti mfuti anaigwira pang'ono, ntchito yawo yeniyeni inali kuimba chitoliro asilikali akamaguba. Anabwerako ndi chikhoticho ndi nyimbo zodzaza mutu, basi. Monga mwa mwambo wathu, anabwera kudzakhala chikamwini. Anamanga nyumba kuseri kwa nkhokwe za amayi athu, nkumalima munda umene amayiwo anawaloza, ndipo pa zaka zonsezo awiriwa sanalankhulanepo ndi liwu limodzi lomwe.

Ana a masiku ano musadabwe. Kalelo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana maso ndi maso. Sikudana ayi, unali ulemu. Akaonerana patali panjira, mkamwini ankapatukira kutchire kuti apongozi adutse. Alamu anga, ndi miyendo yawo yaitali ija, tsiku lina analumphira m'chitedze, nadzikanda mpaka Lamulungu. Ndiye mawu onse ankadzera mwa ine, amayi nkumawatchula alamuwo ndi dzina la mwana wawo woyamba, Rafaelo. "Bernadetta, kawauze bambo a Rafaelo kuti denga la khola lagwa." "Alamu, mukawauze amayi kuti ndamva." Nyumba zake zoyandikana chonchi, koma ine ndinatha mapazi.

Zoimbazo zinayamba cha m'ma 1951. Kusukulu ya kumishoni kunali zitoliro zachitsulo zochokera kunja, koma zinali zochepa, zongokwanira anyamata akuluakulu. Ana a kumudzi, oweta mbuzi, ankangozimvera kumpanda. Alamu anati, "Nsungwi zadzaza m'phirimu, ana alilirenji chitsulo?"

Sankalipiritsa. Mwana ankangobwera ndi nsungwi yake ndi kachikuni kamodzi kosonkhera moto, poti kuno kuzizira mukukudziwa. Koma nsungwiyo inali ndi malamulo. Yaiwisi ayi, imang'aluka. Yofumbwa ayi. Akaikonda, ankamuuza mwanayo kuti aigwire monga angagwirire poimba, kenaka ankatenga khala nkulemba kadontho pansi pa chala chilichonse. Akatero ankawotcha msomali pamoto mpaka psuu, nkumaboola pang'onopang'ono, akuuzira, akutchera khutu, akusuntha pano pang'ono, akukuza apo pang'ono, mpaka mawu ake atakhala bwino. Nsungwi zambiri zinathera pamoto, osanama. Koma chikatheka, chitolirocho chinali cha mwanayo ndi zala zake. Zala zikakula ankachisiyira mng'ono wake, alamu nkumuyezanso.

Mwana wogweluka mano akutsogolo sankamulola. Ankati, "Mpweya ukuthawira pazenera, dikira atseke." Woyamba kumene sankakhudza chitoliro, ankayamba ndi kuuzira pakamwa pa botolo mpaka lilire. Akatha apo ndiye do, re, mi, zolemba ndi makala pakhoma la nkhokwe. Atsikananso ankawalandira. Amuna ena anadandaula kuti mtsikana ndi chitoliro nzosayenera, alamu nkumangoyankha kuti, "Zala ali nazo, mpweya ali nawo, chasowa nchiyani?" Munthu wofatsa, koma pa zimenezi anali nkhutukumve.

Phokoso lake poyambapo, mayo ine! Ngati tiana ta mbuzi tosiyidwa m'khola. Amayi ankandiitana. "Bernadetta, kawauze bambo a Rafaelo kuti nkhuku zanga zaleka kuikira." Ine ulendo. "Alamu, akuti nkhuku zaleka kuikira." Iwo nkuvula chipewa, ngakhale amayiwo sakuwaona. "Mukawauze amayi kuti pepani, tiziimba chapansipansi." Chapansipansi chake chiti? Mawa lake ana ankachuluka kuposa dzulo.

Koma zinapsa. Patapita zaka zingapo, bambo mfumu anawaitana kuti akatsogolere ulendo wa Ukaristia. Ana opanda nsapato, milomo yong'aluka ndi chisanu, akuyenda awiriawiri, nyimbo ikutuluka yosalala ngati madzi a pakasupe. Magadalena analira poyera. Ine ndinamuseka, kenaka ndinaliranso. Amayi anangoti, "Sanalakwitse kwambiri." Kwa amayi athu, pamenepo ndiye kuti ayamikira kotheratu.

Magadalena anatisiya mu 1957, mvula ili pakati. Chinali chifuwa. Anasiya Rafaelo, wa zaka zisanu ndi zinayi, ndi kamtsikana, Agnesi, kamene kanali kakugweluka mano. Sindifuna kunena zambiri za masiku amenewo. Anali mkulu wanga, ndipo mpaka lero ndimamusowa.

Alamu anasonkhanitsa zitoliro zonse, nazimanga mtolo, nazipachika kudenga. Pamudzi panangoti zii. Ana ankabwerabe madzulo ndi tizikuni tawo, nkukhala kuseri kwa nkhokwe kuwotha moto, osaimba, osasewera. Alamu ankakhala nawo. Tonse tinkadziwa chimene chikubwera. Mkazi akamwalira, maliro akatha, akuchikazi amasudzula mkamwini, kutanthauza kumumasula kuti azipita kwawo akayambe moyo wina. Ana sapita nawo. Ana ndi a mbumba yathu, ya kwa mayi wawo. Ena ankanong'ona kuti bwenzi nditalowa ine m'nyumbamo, koma ine ndinali pabanja, amuna anga ali ku Halale. Njira ina panalibe. Rafaelo ndi Agnesi anali atataya mayi, tsopano akataye bambo.

Tsikulo linafika titatha kukolola. Kunali chifunga, kuzizira kolowa m'mafupa. Kuchokera kwa Kaphuka kunabwera aVinsenti, akulu awo a alamu, kudzawatenga. Amalume athu aBenedicto, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo ndiwo analankhula. Analankhula bwino, sindingawanamizire. Anati, "AGerevazio, mwatisungira mwana wathu mpaka kumuika. Simunakule mwendo pamudzi pano. Tilibe nanu mangawa. Takumasulani, pitani bwino. Ana muzidzawaona." Amayi sanali pabwalopo. Anakhala kuseri kwa nkhokwe, poti pamene pali mkamwini iwo sangakhalepo.

Alamu anawomba m'manja mwaulemu. Anati, "Zikomo, ndamva. Ndipempheko kanthu kamodzi. Ndisananyamuke, ndigawe zitoliro za ana."

Anatsitsa mtolo uja, nkumaitana mwana mmodzimmodzi. Palibe chimene anasokoneza, chilichonse ankadziwa mwini wake pongochigwira. Ana ankalandira ndi manja awiri. Atatha anaitana Agnesi. "Tatsegula pakamwa." Kamwanako kanayasamula. Mano awiri atsopano anali atamera, akuluakulu ngati a munthu wina. Anati, "Eya, zenera latsekeka. Ndinakulonjeza."

Anakhala pansi pomwepo, aVinsenti akuyang'ana dzuwa poti ulendo unali wautali. Anatulutsa nsungwi m'thumba la chikhoti, anamugwiritsa, analemba timadontho ta khala pansi pa tizala take, nayika msomali pamoto. Fungo la nsungwi yopserera linadzaza pabwalo. Anaboola, anauzira, anakonza, mpaka chinalira bwino, nkumupatsa. Ine ndinkati basi zatha. Koma anapisanso m'thumba, natulutsa nsungwi zina ziwiri, ina yokulirapo, ina yaikulu ndithu.

Ndinati, "Alamu, nanga izi nza ndani?"

Anayankha osandiyang'ana. "Nzake zomwe. Ichi adzaimbe akadzasinkhuka. Ichi akadzakula."

"Nanga muyeza bwanji, zala zake zikadali choncho?"

Anayang'ana manja anga. Kenaka anati, "Tandibwerekani dzanja lanu, alamu. Lanu ndi la mkulu wanu ndi limodzi. Mwanayu adzatengera mayi wake."

Ndinagwada, ndinagwira nsungwiyo, misozi ikugwera padzanja lomwe iwo ankafuna kuyeza. Iwo anatola khala lija kuti ayambe kulemba timadontho.

Pamenepo ndi pamene tinamva ndodo, go, go, go. Amayi atulukira kuseri kwa nkhokwe, akubwera pabwalo penipeni, molunjika pamene panali mkamwini wawo. Anthu anatsegula pakamwa. Alamu atangowaona anadzambatuka, khala uko, chipewa uko, maso ali mwazumwazu kufuna kothawira. Tsiku lina bwenzi nditaseka.

Amayi anati, "Khalani pansi."

Sanandiuze ine. Anauza iwowo. Alamu anaima chilili, atatembenukira kumbali, ngati sanamve.

"Ndati khalani pansi, bambo a Rafaelo. Ndikulankhula ndi inu."

Anakhala, nkhope ili m'mawondo.

Amalume anayamba, "Alongo, kodi mwambo..."

"Benedicto, ndinakubereka kumsana ine, usandiphunzitse mwambo. Mkamwini mwamusudzula?"

"Tamusudzula."

"Chabwino. Ndiye kuti pamudzi pano palibenso mkamwini. Nanga ine ndithawe ndani?" Anatsamira ndodo yawo, akupuma movutikira. "Ndaika mwana wanga m'manda chaka chino. Ndinalibe chochita. Lero mukufuna ndiperekeze wina ndi miyendo yanga yomwe, ndili ndi chochita? Iyayi. Munthu uyu wandilimira, wandifolerera nyumba, walera ana a mudzi wonse ngati ake. AVinsenti, pepani, mwayenda mtunda wautali, ndikupemphani. Mukawauze akwanu kuti mwana wawo sindikumulanda, ndikumupempha. Akafuna kupita, njira ndi iyo, womasuka kale. Akafuna kukhala, munda ndi womwewo, nyumba ndi yomweyo, akhala ngati mwana wanga wamwamuna. Akadzafuna kukwatira, mkaziyo adzabwere kuno, ndidzamulandira ndine."

Zoterezi sitinazionepo. AVinsenti anakanda m'mutu, nayang'ana mng'ono wawo. Anati, "Mayi, mwatilemekeza. Koma mwini wake ndi uyu, ayankhe yekha."

Tonse maso kwa alamu. Mapewa awo ankagwedezeka. Rafaelo anali atawakangamira pachikhoti. Atakweza mutu, sanathe kuyang'ana amayi. Anayang'ana ine, monga mwa masiku onse.

"Alamu, mukawauze amayi kuti..."

Amayi anawadula. "Makutu ndili nawo. Ndiuzeni ine."

Anatembenuka pang'onopang'ono, munthu wamkulu wobwera kunkhondo, nawayang'ana kumaso koyamba chikwatirire. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Ndikhala, amayi."

Amayi anagwedeza mutu, napukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. Kenaka analoza nsungwi imene ndinali nditaigwirabe ine. "Iwe Bernadetta, siya chimenecho. Mwanayo adzamuyeza okha zala zikadzakula."