Magalasi Osambirira a Amalume

Anali magalasi ang'onoang'ono obiriwira, a lamba wa mphira, ndipo ukanyambita lambayo unkamva mchere. Ndinanyambita ndithu, sindikana. Anabwera nawo amalume, mlongo wawo wa amayi, nyengo yothyola khofi. Nthawi imeneyo amayi anali namwino pa kachipatala kena kufupi ndi nkhalango ya Mughese.

Amalume ankaphunzira za mafunde ndi nsomba ku yunivesite ya boma ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, kutsidya kwa malire, ndipo ankasambira m'timu ya sukuluyo. Ankati sukuluyo inayambira m'nyumba yosungiramo katundu wa padoko, ophunzira oyamba akukhalira mabokosi, mphunzitsi akuchita kukuwa kuti apose phokoso la madzi. Ine ndinkamvetsera kukamwa kuli yasa.

M'mawa nkhungu inkadzaza chigwa chonse kuti mbuu, nsonga za mapiri zokha zikuyandama. "Nyanja ndi imeneyo," ankatero amalume, "ungoithira mchere basi." Ankandigoneka chafufumimba pa benchi ya pachipatala, magalasi ali kumaso, n'kumandiphunzitsa kupalasa mphepo: dzanja ili, dzanja ilo, pumira cham'mbali. Mwana wa kumapiri kusambira pa thabwa, chisanu chikuluma zala! Azimayi opita kothyola khofi ankaseka mpaka kutula madengu pansi. Koma m'magalasimo dziko lonse linkabiriwira, masamba a nthochi akugwedezeka ngati ali pansi pa madzi, ndipo ndinkakondwa kosaneneka.

Aliyense wokumana nawo panjira ankawafunsa m'Chitumbuka za tsiku lobwerera: "Mukuwerera pauli ku nyanja?" Iwo ankayankha kuti, "Khofi akatha." Amayi akamva zimenezo ankangowerama n'kupitiriza kuchapa. Lero ndikudziwa kuti amalume anali atalephera mayeso, ndipo akuluakulu a sukulu anali asanagamule ngati awalole kubwereza chaka. Nthawi zina ndimawakwiyira amalumewo, poti madzi anawakonda kuposa mabuku. Koma ndikakumbukira mmene ankayang'anira nkhungu ija, mkwiyo umandithera.

Khofi anatha. Tsiku lina amalume analawirira ku boma la Chitipa kukaimba foni kusukulu, ndipo anabwerako dzuwa litapendeka, fumbi lofiira lili mpaka m'nsidze. Amayi anangowayang'ana kumaso. "Khala pansi, umwe madzi," anatero.

Atamwa, amalume anandiitana, n'kundikoloweka magalasi aja m'khosi.

"Ndi ako tsopano, mphwanga. Uziwasamala."

Ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinathamangira m'munda wa khofi ndikupalasa mphepo, dzanja ili, dzanja ilo, ndikukuwira anzanga kuti abwere adzaone. Sindinadziwe kuti munthu amene akubwerera kunyanja sapatsa mwana magalasi ake osambirira.