Tsiku Limene Ndinapachika Landikuruza ya Mayi Jere

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha bilimankhwe. Ndinamuika m'dirowa ya achiwiri kwa ahedi, iwo atatsegula anakuwa mpaka ana a Giredi 8 anatulukira pawindo, ndipo ine anandiuza kuti ndikapume kunyumba teremu yonse. Amayi sanandimenye. Anangomanga chitenje n'kupita kwa mnzawo wa kukwaya, mkazi wa a Sakala, eni galaja ya kuseri kwa msika. Atabwerako anati: "Mawa uyamba kwa a Sakala. Akakuthamangitsa nakonso, ndikukweza lole ya ku Chipangali ukalime thonje kwa amalume ako. Za sukulu uiwale." Munda wa amalumewo ndimaudziwa. Mzere umodzi umauyamba m'mawa, n'kuumaliza dzuwa lili paliwombo. Ndinalumbira kuti ndasintha.

Ndinasinthadi, kwa masabata atatu. Ndinkatsuka mabauti m'palafini, kupopa matayala, ndi kutembenuza kaseti ya rumba ikafika kumapeto. A Sakala anali afupi, onenepa, ndipo dzina langa sankalifuna. "Iwe Giredi Leveni, sipana ya 19! Kusukulu sanakuphunzitse manambala?" Koma ntchito ankaidziwa. Aliyense amene galimoto yake inkakhula mimba pansi m'misewu ya kumidzi ankabwera kwa iwo kuti aikweze.

Mayi Jere, ogula mtedza m'midzi, anabweretsa Landikuruza yawo yakale dzinja litayandikira. "Ndatopa kukumba ndi khasu pamtsinje uliwonse," anatero. "Ikwezeni." Tinagwira masiku awiri. Tinamasula mabauti a U amene amamanga masipuling'i ku ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala awiri, n'kuwonjezera chitsulo chimodzi pa mtolo uliwonse wa masipuling'i. Tinaika mabauti aatali, mashakolo aatali, amene ndi tizitsulo timene sipuling'i imalendewerapo, komanso mashoko aatali, chifukwa akale akanatha kutambasuka galimoto isanamalize kudumpha. Itatsika pa jeke, a Sakala anaizungulira kawiri, anamenya tayala ndi phazi, n'kunena kuti yatha.

Tsono a Sakala anali ndi chizolowezi chimodzi. Akadya nkhomaliro ankalowa m'galimoto imene yangotha kukonzedwa, ati akaimvere, ndipo pakangopita kanthawi mkonono unkamveka mpaka kwa amayi ogulitsa zitumbuwa pageti. Tsiku limenelo ndinayang'ana iwo, ndinayang'ana jeke, ndinakumbukira thonje, kenako ndinayang'ananso jeke.

Musaganize kuti ndinachita mosasamala ayi. Matayala akutsogolo ndinawatchinga ndi miyala ikuluikulu. Jeke ndinaiika pa chasisi, chimango chimene thupi la galimoto limakhalapo, osati pa ekiselo, n'kumapopa pang'onopang'ono, nthawi imene mkonono ukukwera. Thupi la galimoto linkakwera koma matayala akumbuyo ankangokakamira pansi, masipuling'i akutambasuka. Ndinapopa mpaka thukuta. Potsiriza matayala onse awiri anasiya nthaka ndi zala zitatu. Ndinalowetsa masitandi ochirikizira pansi pa chasisi, n'kukhala pa mgolo ngati mwana wabwino, ndikupukuta sipana yoyera kale.

Mayi Jere anafika firii koloko ya masana itangokwana. Anaona masitandi, anaona matayala ali m'malere, anandiyang'ana. Ndinaika chala pamlomo. Mayi amene aja, Mulungu awadalitse, anangoluma nsonga ya chitenje n'kugogoda pachitseko.

A Sakala anadzambatuka, anasuzumira pansi kudzera pawindo. "Mwaona mmene yakwerera, mayi? Dzanja la Sakala limeneli! Kwerani, tikaiyese pa msewu wa ku Madzimoyo." Mayiwo anati ayi, aonera panja. A Sakala analiza injini, analowetsa giya yoyamba, anasiya kalachi, chigongono chili pawindo. Galimoto zii, pomwepo. Anaika yachiwiri. Singano ya liwiro inakwera, matayala akumbuyo akulira fwii, koma mtengo wa mango unali pomwe unali. Amayi a zitumbuwa anali atadzaza kale pageti, wina akufuula kuti, "Mutiperekere moni ku Madzimoyo, a Sakala!" Ine misozi ya phwete inali mbwembwembwe.

Kenako anaponda buleki. Pansi pa galimoto panamveka phwaa, ndipo phazi lawo linapita mpaka pansi popanda choligwira. Matayala anapitirira kuzungulira. Mafuta a mabuleki anali kuchucha pa difu, chibulunga cha magiya cha pakati pa ekiselo.

Anazimitsa injini n'kutsika, ndipo poti pansi panali patali kuposa mmene miyendo yawo inkaganizira, anafika ndi matako. Palibe anaseka. "Vula ovolo," anatero, mawu ali pansipansi. "Upite ukauze amako kuti ine ndalephera." Zipi ndinali nditaitsitsa kale mpaka pamchombo, m'maso mwanga mukuoneka mizere ya thonje yokhayokha.

Mayi Jere ndi amene anagwada n'kusuzumira pansi. "Kachingwe kakuda kameneka n'kachiyani?" A Sakala anagwada nawo. Inali paipi yarabala ya mabuleki, imene imachoka pa chasisi kupita pa ekiselo. Ife tinatalikitsa zonse, iyo tinaisiya yakale. Galimoto ili pansi inkaoneka bwinobwino, koma ekiselo italendewera inakokeka ngati chingwe cha gitala, ndipo buleki imodzi yokha inaimaliza.

"Ndikufunseni, bambo Sakala," mayiwo anatero. "Mwanayu akanapanda kuchita zamisala zakezi, ikanaphulika kapena ayi? Ine ndimanyamula anthu pamwamba pa matumba."

A Sakala anaigwira paipiyo n'kuiyang'anitsitsa. Ndinene zoona, munthu uja ngwaukali koma bodza pa ntchito alibe. "Ikanaphulika," anatero. "Pachigwembe choyamba, tayala limodzi likalendewera."

"Ndiye galimoto yanga sindiitenga mpaka aipachikenso kutsogolo. Yemweyu. Vala ovolo, iwe."

Sindinayembekeze kuti a Sakala avomereze. Zipi ndinaikweza mpaka pakhosi.

Titapachika kutsogolo tinapeza kuti paipi ya kumeneko nayo yatsala pang'ono. Kapaipi kopumira difu kanali katazuka. A Sakala anagwira poroposhafiti, chitsulo chachitali chimene chimapereka mphamvu ku difu, n'kuyeza ndi chala ngati mano ake akadali olowana mokwanira. Anali olowana, mwamwayi. Chilango changa chinayamba pomwepo. Anandipatsa njinga yopanda chishalo chabwino kuti ndizungulire mashopu onse a m'tauni kufunafuna mapaipi aatali. Mawa lake anandikhazika pa chiwongolero kuti tichotse mpweya m'mabuleki, iwo ali pansi ndi kasipana ndi botolo. "Popa! Gwira! Popa! Gwira!" Mpweya unatha kalekale, ndinamva ndekha buleki italimba, koma iwo anapitiriza mpaka mwendo wanga unayamba kunjenjemera wokha. Titamaliza anandiponyera chitumbuwa chimodzi osandiyang'ana. Kwa amayi sananene kanthu.

Phunziro ndinalisunga, ndipo ndikupatsani ulere. Kukweza galimoto si masipuling'i okha. Chilichonse chimene mutu wake uli pa chasisi, mchira wake pa ekiselo, chiyenera kutalika nawo limodzi: mashoko, mapaipi a mabuleki, kopumira difu, poroposhafiti. Ndipo galimoto yoima pansi imabisa. Ikwezeni pa chasisi, matayala alendewere, mukhotetse chiwongolero uku ndi uku, mugwedeze paipi iliyonse ndi chala. Ikakhala kuti sikugwedezeka, musapereke makiyi.

Masiku ano pagalaja paja palibe galimoto yokwezedwa imene imatuluka isanapachikidwe. Ndinadutsapo Loweruka lapitali, ndinapeza a Sakala akuonetsa mzungu wina wa kumishoni matayala ali m'malere. "Njira imeneyi ndinaitulukira ndekha, bwana," ankatero, "nditaganiza mozama tsiku lina masana." Ndinawavomereza ndi mtima wonse. Pajatu nthawi imene inkatulukiridwa, iwo anali momwemo.